Zengerezu adalinda kwawukwawu: odwala nyung'unyu asadikire mpaka kukwawa

M'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize muli gulu la odwala limene silioneka pamzere wa kuchipatala. Odwalawa ali m'nyumba. Ena adasiya kalekale kupita kumunda, ena amakwawa popita kuchimbudzi, ena amachita kunyamulidwa ndi adzukulu kuti akaothere dzuwa pakhonde. Matenda awo ali pa nyung'unyu, imene ena amati nsukunyu, ndiye polumikizira pamene mutu wa fupa la ntchafu umalowa m'fupa la chiuno. Pamenepa pakaperepeseka, munthu amamva ululu poyenda, pokhala pansi, ngakhale pogona usiku.

Achibale akaona zotere amangoti ndi ukalamba, kapena ndi nyamakazi, kapenanso kuti munthu adaponda mankhwala panjira. Pomaliza amagwirizana kuti wodwalayu watha kale, kumutengera kutali n'kungotaya ndalama. Maganizo amenewa ndi olakwika. Umboni wa madokotala ukuonetsa kuti wodwala amene wazunzika koposa ndi yemweyo amene opaleshoni ya nyung'unyu imamusinthira moyo koposa. Umboni womwewo ukuchenjezanso kuti amene wafika mochedwa sachira mpaka pamene amachirira amene wafika msanga. Zinthu ziwirizi ziyenera kumveka pamodzi, m'mudzi ndi m'maofesi a zaumoyo momwe.

Opaleshoni yake ndi yotani

Anthu a dziko lino akamva mawu akuti prótese amakumbukira mwendo wochita kupanga, monga ija adalandira abale amene adaponda mabomba okwirira pansi m'nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992. Prótese ya nyung'unyu ndi ina. Mwendo saudula ayi. Dokotala amachotsa mutu wa fupa umene waonongeka, naikapo mutu wina wachitsulo kapena wadothi lolimba, wokhala ndi mchira umene umalowa m'kati mwa fupa la ntchafu. Ku fupa la chiuno amaikako kachikho kosalala m'mene mutu watsopanowo umazungulira. Zonse zimakhala m'kati mwa thupi, kunja kumangooneka chipsera.

Njira imeneyi adaikhazikitsa ndi dokotala wa ku England, John Charnley, pa chipatala cha Wrightington. Mu 1962 iye adayamba kugwiritsa ntchito kachikho ka pulasitiki yolimba pamodzi ndi mutu wachitsulo ndi simenti yapadera yomatira ku fupa. Kuyambira pamenepo anthu mamiliyoni achitidwa opaleshoniyi. Mu 2019 magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet idafalitsa kafukufuku wa m'mabuku a kalembera a mayiko angapo. Adapeza kuti mwa ma prótese 100 alionse, pafupifupi 89 amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 15, ndipo pafupifupi 58 amafika zaka 25. Munthu wa zaka 55 amene wachitidwa bwino atha kulera adzukulu ake ali chiimire.

Moyo woipa koposa imfa

Ku Ulaya madokotala ali ndi njira yoyezera mmene munthu akukhalira, yotchedwa EQ-5D. Wodwala amafunsidwa zinthu zisanu: ngati akutha kuyenda, ngati akutha kusamba ndi kuvala yekha, ngati akutha kugwira ntchito zake za tsiku ndi tsiku, kukula kwa ululu, ndiponso nkhawa ndi kukhumudwa. Mayankho amawasandutsa nambala. Nambala 1 ndi moyo wangwiro, 0 ndi wofanana ndi imfa. Koma pali mayankho ena amene amatsika kupitirira 0, ndipo amenewo amawatcha moyo woipa koposa imfa. Apa sakutanthauza kuti wodwalayo wapempha kufa. Tanthauzo lake ndi lakuti anthu wamba atafunsidwa za moyo wotero, ambiri adauona kuti ndi wosapiririka.

Mu 2019 madokotala a ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, motsogoleredwa ndi Chloe Scott, adafalitsa zimene adapeza pa odwala opitirira 2,000 amene ankadikira opaleshoni ya nyung'unyu. Mwa odwala 100 alionse, 19 adali m'gulu lija la moyo woipa koposa imfa. Patatha chaka chimodzi chichitidwire opaleshoni, otsala m'gulu limenelo adali pafupifupi 2 okha mwa 100. Mankhwala ochepa padziko lapansi amasintha moyo wa munthu motere.

Kenaka kudabwera mliri wa Covid-19, zipatala zidaimitsa maopaleshoni osakhala adzidzidzi, ndipo mzere wa odikira udatalika. Mu 2021 kafukufuku wina wa ku Britain adapeza kuti mwa odikira opaleshoni ya nyung'unyu, 35 mwa 100 adali atalowa m'gulu lomwe lija. Matenda adali omwewo, anthu a dziko lomwelo. Chimene chidasintha ndi kutalika kwa nthawi yodikira. Ngati miyezi yowonjezera idachita zimenezi ku Britain, kumene kuli mipando yamatayala, zimbudzi zokhalira ndi mankhwala opha ululu, nanga zaka zodikira zimachita zotani kwa mayi wa ku Domué amene madzi ali kudambo ndipo chimbudzi chake ndi chonjuta?

Wochedwa amapindula, koma samupeza mnzake

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi yowawa. Mu 1999 madokotala a ku Montreal ndi ku Boston adagawa odwala awo m'magulu awiri: amene adafika akuyendabe bwinoko, ndi amene adafika atafooka kwambiri. Magulu onse awiri adapeza bwino atachitidwa opaleshoni. Koma patatha miyezi 6, aja adafika atafooka adali kumbuyo kwa anzawo pa kayendedwe ndi pa ululu. Atawaonanso patatha zaka ziwiri, mpatawo udalipobe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Dokotala amasintha fupa, koma sangasinthe minofu. Munthu akakhala zaka osaponda bwino, minofu ya m'matako ndi ya ntchafu imaphwa. Mwendo umafupika ndi kuuma mopindika. Msana umakhota pofuna kuthandiza, bondo nalonso limayamba kudwala, ndipo nyung'unyu ya mbali inayo imasenza katundu wa miyendo iwiri. Wogona nthawi yaitali amaonda, magazi amachepa, mtima umazolowera kusagwira ntchito. Zonsezi sizichoka tsiku la opaleshoni.

Akuluakulu adati Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pa matenda awa mwambiwu ukunena zenizeni, chifukwa wozengereza amafikadi pokwawa. Koma chala chisaloze wodwala yekha. Nthawi zambiri amene akuzengereza ndi abale ogwira chikwama, ndi ogwira ntchito pa chipatala chaching'ono amene amapereka paracetamol mwezi ndi mwezi osalemba kalata yotumiza wodwala patsogolo, ndiponso dongosolo lonse limene limaika wodwala wotere kumapeto kwa mzere chifukwa matenda ake sapha msanga.

Si matenda a okalamba okha

Ku Ulaya ambiri ochitidwa opaleshoniyi ndi okalamba amene nyung'unyu zawo zaperepeseka ndi zaka. Kuno ku Africa kuli chifukwa china chachikulu, ndicho kufa kwa mutu wa fupa. Mitsempha ya magazi yopita kumutuko ndi yochepa ndiponso yaing'ono. Ikatsekeka, fupa limafa m'kati, kenaka limaphwanyika ngati dzungu lofumbwa. Izi zimachitikira anthu a matenda a magazi otchedwa sickle cell, amene madokotala a kuno amati drepanocitose, anthu omwa kwambiri kachasu ndi mowa wina waukali, anthu amene amwa nthawi yaitali mankhwala a mtundu wa prednisolone, ndiponso anthu ena amene ali ndi HIV. Palinso TB ya m'mafupa, ngozi za njinga zamoto ndi magalimoto, ndi ana amene nyung'unyu idaonongeka ali aang'ono osaonedwa ndi dokotala. Ambiri mwa amenewa ndi a zaka 30, 40 kapena 50, anthu amene banja lonse likudalira khasu lawo.

Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 adapeza kuti mu Mozambique akuluakulu oposa 12 mwa 100 alionse ali ndi HIV. Kotero funso lakuti kodi munthu wa pa ma ARV angachitidwe opaleshoniyi ndi funso la mabanja ambiri. Yankho lidachokera kufupi, tsidya la malire a Zóbuè. Dziko la Malawi lidakhazikitsa kaundula wa maopaleshoni otere mu 2005, ndipo m'malipoti oyamba a kaundulayo kufa kwa mutu wa fupa ndiko kudali chifukwa chachikulu chochitira opaleshoni. Mu 2014 madokotala a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre adafalitsa zotsatira za maopaleshoni 43 pa odwala 29 amene adali ndi HIV. Pa muyezo wa Harris, umene umafika pa 100, odwalawo adali pa 27 asadachitidwe, ndipo adakwera kufika pa 86 atachitidwa. Panthawi imene adawatsatira, palibe amene bala lake lidalowa tizilombo.

Nambala 27 ija ikusonyeza munthu wozunzika kwambiri, woyenda movutikira ndi ndodo kapena wosayenda n'komwe. Ndiye kuti odwala a ku Blantyre aja adali ofanana ndi amene kuno amanenedwa kuti atha kale. Adali anthu olankhula chinenero chomwechi, odya nsima yomweyi, ndipo adadzuka.

Mawu a otsutsa

Pali ena amene amatsutsa, ndipo mawu awo ali ndi nzeru. Iwo amati ndalama za zaumoyo ndi zochepa, ana akufa ndi malungo, amayi akufera pobereka, kolera imabwera ndi mvula. Prótese imachokera kunja ndipo imagulidwa ndi ndalama zakunja. Opaleshoni yake imafuna dokotala wa mafupa wophunzira mwapadera, chipinda chaukhondo kwambiri, magazi osungidwa ndi magetsi osazima. Ndalama za opaleshoni imodzi zingagule maukonde ambiri a udzudzu.

Zoonadi, palibe wanzeru amene anganene kuti chipatala cha ku Ulónguè kapena cha ku Songo chiyambe mawa kuika ma prótese. Opaleshoni yotere ikachitikira pamalo osayenera, tizilombo tikalowa pa chitsulo, wodwala amavutika koposa poyamba. Ngakhale pachipatala chabwino ngozi zilipo: magazi atha kuundana m'mitsempha, mutu watsopano utha kuguluka, mwendo wina utha kutalikirapo pang'ono. Wodwala ayenera kuuzidwa zonsezi poyera asadavomere.

Komatu otsutsawo amawerengera mtengo wa opaleshoni okha, osawerengera mtengo wa kugona. Bambo akagona, munda wa chimanga kapena wa mbatata ya kachewere umachepa. Mwana wamkazi amasiya sukulu kuti azitunga madzi ndi kusamala wodwala. Mbuzi zimagulitsidwa imodziimodzi, ndalama n'kuthera kwa asing'anga ndi ku mapiritsi a pamsika. Mapiritsi ena opha ululu, monga diclofenac ndi ibuprofen, akamwedwa zaka zambiri amaononga m'mimba ndi impso, ndipo wodwala amabwererabe kuchipatala ndi matenda ena. Ndalama imeneyi siilembedwa m'buku la Unduna wa Zaumoyo, koma ikutuluka m'thumba la anthu tsiku ndi tsiku.

Palinso ena amene amati popeza ma prótese ndi ochepa, aperekedwe kwa odwala amphamvu amene zotsatira zawo zidzakhala zokongola. Apa ndiye pali chisalungamo chachikulu. Munthu wa kumudzi amafika atafooka chifukwa njira yake ndi yaitali. Kumukana chifukwa chofooka ndi kumulanga kawiri. Wa m'tauni amene ali ndi ndalama adzakwera ndege kupita ku Maputo kapena ku South Africa nyung'unyu itangoyamba kupweteka. Muyezo wabwino posankha odwala uyenera kuona kutalika kwa mtunda umene opaleshoni ingamuyendetse munthu, kuchokera pamene ali kufika pamene angafike. Pa muyezo umenewo, wokwawa amene wayambanso kuyenda ndi ndodo imodzi wapindula koposa wotsimphina amene wasiya kutsimphina.

Zimene zingachitike popanda kudikira chuma

Choyamba ndi kuwerenga. Matenda osawerengedwa salowa mu bajeti. Ogwira ntchito zaumoyo m'midzi, amene amadziwika kuti ma APE, amalowa kale m'makomo poona ana ndi amayi oyembekezera. Atha kulembanso akuluakulu amene sakutha kuyenda chifukwa cha nyung'unyu, mothandizidwa ndi mafumu ndi a mipingo. Mafunso asanu aja safuna makina alionse.

Chachiwiri ndi Raio-X. Ululu wa m'mphechepeche umene umatsikira ku ntchafu mpaka ku bondo, wokhala miyezi, wolepheretsa munthu kuvala nsapato kapena kukwera njinga, ufunika kujambulidwa. Nthawi zina wodwala amangodandaula bondo pamene vuto lili ku nyung'unyu. Namwino akaona munthu yemweyo akubwera kachitatu ndi dandaulo lomwelo, alembe kalata yomutumiza kuchipatala cha boma kapena ku Hospital Provincial de Tete. Kwa munthu wa pa ma ARV kapena wa sickle cell, kalatayo isachedwe n'komwe.

Chachitatu ndi anthu ophunzira. Dziko lino lidaonetsa kale njira mu 1984, pamene lidayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia chifukwa madokotala adali ochepa. Anthu amenewa apulumutsa amayi ambirimbiri m'zipatala za m'maboma. Iwo sangaike prótese, koma atha kuzindikira matenda msanga, kukonzekeretsa wodwala pomuchiza kuchepa magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso kumuona akabwerako. A fisioterapia nawonso ndi ofunika wodwala asadachitidwe opaleshoni, kuti minofu isaphweretu pamene akudikira. Ndodo zoyendera zopangidwa ndi mmisiri wa matabwa wa pamudzi zitha kusunga munthu ali chiimire kwa miyezi yambiri.

Chachinayi ndi mtunda. Kuchokera mumzinda wa Tete kupita ku Maputo ndi makilomita opitirira 1,500, ku Beira ndi pafupifupi 600, pamene ku Blantyre safika 250. Kwa munthu wa ku Calómuè, Dedza ili pakhomo. Anthu a m'malire akhala akuoloka kukafuna chithandizo kuyambira kale, makamaka chibwerere kuchokera kothawa nkhondo. Wodwala nyung'unyu sangakhale masiku awiri m'chapa mwendo uli wopinda. N'koyenera kuti akuluakulu a zaumoyo a mayiko awiriwa akambirane za odwala mafupa, kuti kuoloka kukhale ndi makalata, ndiponso kuti wochitidwa opaleshoni mbali ina adziwike kwa dokotala wa mbali inayo.

Chachisanu ndi kaundula. Aliyense woikidwa prótese alembedwe: adali bwanji asadachitidwe, ali bwanji patatha chaka, ndipo chitsulo chake ndi cha mtundu wanji. Madokotala ochokera kunja akabwera kudzathandiza kwa masabata ochepa ndi chinthu choyamikika, koma akapita, wodwala amatsala ndi chitsulo m'thupi kwa zaka 20. Payenera kukhala wina wodziwa dzina lake ndi mudzi wake.

Agogo akagwa

Pali mtundu wina wa odwala umene sulola kudikira ngakhale sabata. Agogo akaterereka pabafa kapena pachitsime, n'kulephera kudzuka, mwendo utafupika ndipo phazi litagwera kunja, kawirikawiri khosi la fupa la ntchafu lathyoka. Ku Britain malangizo a zipatala amati wotere achitidwe opaleshoni tsiku lomwe wafika kapena mawa lake. Chifukwa chake n'chakuti kugona ndiko kumapha wokalamba: zilonda za pamsana, chibayo, ndi magazi oundana. Kumuthowa ndi madzi otentha kapena kumutema mphini sikulumikiza fupa limeneli. Abale afune galimoto tsiku lomwelo.

Udindo wa pakhomo

Opaleshoni ikatheka, ntchito yotsala ili m'manja mwa banja. Wodwala amadzutsidwa kuti aime patangopita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo amayenda ndi ndodo kwa masabata angapo. M'miyezi yoyamba madokotala ambiri amaletsa kunjuta, kukhala pamphasa kapena pakampando kakafupi, ndi kupingasa miyendo, kuopa kuti mutu watsopano ungaguluke. Tsono banja likonzeretu bedi lokwera, mpando wautali, ndi bokosi la matabwa loboola pakati loika pachimbudzi. Popanda zinthu zimenezi ntchito ya dokotala itha kuonongeka m'sabata yoyamba. Bala likatupa, likatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, wodwala abwerere kuchipatala msanga.

Banja liuzidwenso zoona. Amene adakhala zaka akukwawa mwina sadzasenzanso thumba la chimanga, mwinanso adzatsimphina pang'ono moyo wake wonse. Koma adzagona usiku osabuula, adzapita yekha kuchimbudzi, adzafika kutchalitchi ndi kumaliro a anzake. Kwa munthu amene adazolowera kunyamulidwa ndi adzukulu, zimenezi ndi ulemu wake wobwerera.

Kotero pempho likupita mbali ziwiri. Kwa abale: munthu wotsimphina miyezi ndi ululu wa nyung'unyu apite akajambulidwe akadayenda ndi miyendo yake, ndipo amene wagona kale asatayidwe, chifukwa iyeyo ndiye angapindule koposa. Kwa akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Tete: awerengeni odwalawa, atsegulireni njira ya makalata, ndipo pokonza mzere wa opaleshoni yambani ndi amene akuvutika koposa. Mwezi uliwonse wodikira umadya minofu imene dokotala sadzatha kuibweza.